Kutupa kwa khosi pakati pa makoswe oyera a kafukufuku ku Dedza

Lipoti ili likunena za matenda amene anagwa m'nyumba yosungiramo makoswe oyera a kafukufuku pa sukulu ina yophunzitsa ntchito m'boma la Dedza, imene sindiitchula dzina. Ine ndine dokotala wa ziweto, ndipo ntchito yanga ya masiku onse ndi ya ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku. Makoswewa ndinkangowaona kamodzi pamwezi chifukwa cha pangano loti ndiziyendera ziweto zonse za pasukulupo. Ndalemba mwatsatanetsatane chifukwa tsiku loyamba ndinalakwitsa zinthu ziwiri, ndipo zonse ziwirizo ndi zimene dzanja lozolowera mbuzi limachita lokha mutu usanaganize.

Nyumbayo ili ndi zipinda ziwiri zoyang'anizana, ndipo pakati pake pali kakhonde. M'chipinda choyamba munali makoswe oswanitsa a mtundu wa Wistar, akuluakulu 36 pamodzi ndi ana awo. M'chipinda chachiwiri munali aamuna ang'onoang'ono 24 amene aphunzitsi ena ndi ophunzira awo ankawadyetsa zakudya zosakaniza mosiyanasiyana, china cha chimanga ndi soya, china cha chimanga ndi nyemba, n'kumawayeza pa sikelo sabata iliyonse kuti aone chakudya chimene chikukulitsa bwino. Pansi pa timakola ankayalapo utuchi wa paini wochokera kwa ocheka matabwa, umene kuno susowa. Wosamalira makoswe anali bambo wina wachikulire amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri, ndipo khoswe aliyense amamudziwa ndi khalidwe lake. Unali mwezi wa June. Tauni ya Dedza ili pamtunda wopitirira mamita 1,500, ndipo kuzizira kwa nyengo imeneyi aliyense wokhala kuno akukudziwa. Poopa kuti ana a makoswe angafe ndi chisanu usiku magetsi akazima, bamboyo anatseka mabowo onse olowetsa mpweya ndi masaka, moti nditalowa fungo la mkodzo linandilasa m'maso.

Anandiitanira khoswe mmodzi wamkazi, wa miyezi pafupifupi isanu ndi itatu. "Adokotala, uyu wayamba dzulo," anatero akumutulutsa m'kakhola. "Sakudya bwino, ndipo khosi lakula ngati wameza dzira." Pansi pa nsagwada panalidi potupa, mbali ya kumanzere kuposa ya kumanja. Khosweyo anali atakhala ndi wamwamuna masiku angapo, ndipo ine ndinafulumira kuganiza kuti walumidwa ndipo pachita chithupsa. Ndinameta ubweya, ndinapukuta ndi sipiriti, n'kulasa ndi singano yaing'ono ya sirinji. Mafinya sanatuluke. Munangobwera timadontho tiwiri ta madzi oyera otuwirako ngati madzi a mpunga. Apa ndi pamene ndinayenera kuima n'kudzifunsa chimene ndalasacho, koma poganiza kuti mafinya ali mkati kwambiri, ndinalowetsanso singano kachiwiri mozamirako, ndipo panatuluka timagazi basi. Ndinalamula kuti amuikire mankhwala a antibayotiki m'madzi akumwa, kenaka ndinanena kuti amupatule kwa anzake. Malo okhawo amene anali ndi shelefu yopanda kanthu anali m'chipinda chachiwiri, momwe munali makoswe a kafukufuku wa zakudya aja, ndipo n'kumene tinamuika.

Patapita masiku atatu bamboyo anandiimbira foni m'mamawa. Mawu ake anali akuti makoswe agwidwa masagwidi ndipo ena akulira magazi. Nditafika ndinayamba ndaima chete pakhomo la chipinda choyamba kwa mphindi zingapo, ndipo ndinamva kuyetsemula kochokera m'timakola tosiyanasiyana, kamvekedwe kakang'ono ngati munthu akutsegula botolo la zakumwa pang'onopang'ono. Mwa akuluakulu 35 otsala m'chipindamo, 11 anali otupa khosi. Ulendo uno ndinagwira ndi zala modekha, mmodzimmodzi. Kutupako kunali mbali zonse ziwiri, kuyambira pansi pa chibwano kutsikira kukhosi, ndipo mwa ena kunakwera mpaka m'munsi mwa makutu. Kunali kofewa ngati siponji yonyowa, kopanda malire ogwirika, kopanda pamutu pofewa pamene chithupsa chimafuna kuphulikira. Ambiri ankatsinzina ndi kubisa nkhope m'utuchi tikayatsa getsi. Kuzungulira maso ndi mphuno kunali zofiira zouma, ndipo zinapakikanso kumiyendo yakutsogolo imene amadzipukutira. Ana oyamwa ena maso anali omatika ndi manthongo.

Zofiirazo si magazi. Kuseri kwa diso la khoswe kuli kachiwalo kotchedwa Harderian gland kamene kamatulutsa mafuta ofewetsa diso osakanikirana ndi utoto wofiira wotchedwa porphyrin, ndipo khoswe akadwala kapena akapanikizika utotowo umachuluka n'kusefukira m'maso ndi m'mphuno. Pofuna kuwatsimikizira bamboyo, tinabwereka ku ofesi ya zachuma katochi kounikira ndalama zachinyengo, tinazimitsa getsi, n'kuunika kathonje kamene ndinapukutira diso la khoswe mmodzi. Kanawala mofiirira ngati khala la moto. Magazi akaunikidwa chotero sawala. Bamboyo anapumira m'mwamba, chifukwa mumtima anali ataganiza kale za poizoni wa makoswe amene wina akanathira m'chakudya.

Apa m'pamene ndinafunsa funso limene ndinayenera kufunsa tsiku loyamba lija, loti kodi m'nyumbamo mwalowa chatsopano chilichonse. Anandiuza kuti masiku asanu khoswe woyamba uja asanatupe, sukulu inalandira aamuna anayi kuchokera ku malo ena osungira makoswe mumzinda, n'cholinga chosintha magazi kuti achibale asamangoswana okhaokha. Anafika madzulo pa minibasi m'katoni yobowola, ndipo popeza ankaoneka athanzi anawalowetsa m'chipinda choswanitsira usiku womwewo. Wamkazi woyamba kudwala uja anali m'kakhola kamodzi ndi mmodzi wa alendowo. Nditawayeza anayiwo sindinapeze chotupa chilichonse, kupatula mmodzi amene anali ndi kadontho ka porphyrin pamphuno.

Zizindikiro zonsezi pamodzi zinandilozera ku matenda otchedwa sialodacryoadenitis, dzina lalitali limene limangotanthauza kutupa kwa tiziwalo topanga malovu ndi misozi. Anafotokozedwa koyamba mu 1961, ndipo mu 1972 zinadziwika kuti amayamba ndi kachilombo ka m'gulu la coronavirus, kamene mwachidule amakatcha SDAV. Kamafala mofulumira kwambiri kudzera mu mpweya, pokhudzana, ndiponso pa manja, zovala ndi ziwiya za wosamalira. Zizindikiro zimayamba sabata isanathe khoswe atakatenga, kamagwira pafupifupi gulu lonse, koma sikapha kawirikawiri. Makoswe ambiri amakatenga n'kumafalitsa osaonetsa kanthu, ndipo ndi mmene ndikuganizira kuti alendo anayi aja anachitira. Mawu akuti coronavirus nditangowatchula, mayi wina wosesa pakhonde anabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa, pokumbukira za Covid-19. Ndinayenera kufotokoza kawiri kuti aka ndi ka makoswe ndipo sikagwira anthu, komanso kuti masagwidi a ana athu amayamba ndi kachilombo kena kosiyana kotheratu, ngakhale kuti maonekedwe a kutupako amafananadi.

Sindinafune kudalira maso okha, chifukwa pali zina zimene zimatupitsa khosi la khoswe kapena kumuliritsa zofiira. Chithupsa cha kulumidwa chimagwira mmodzi kapena awiri, mbali imodzi, ndipo chimakhala ndi mafinya olimba ngati chambiko chouma. Zotupa za m'mawere, zimene mwa makoswe zimatha kumera ngakhale pafupi ndi khosi, zimakula pang'onopang'ono mwa okalamba ndipo zimagwirika ngati nsangalabwi pansi pa khungu. Bakiteriya wa Mycoplasma pulmonis amayetsemulitsa ndi kuliritsa porphyrin, koma matenda ake ndi a nthawi yaitali, a m'mapapo ndi m'makutu, ndipo satupitsa khosi la makoswe khumi pa masiku atatu. Mpweya woipa wa mkodzo nawo umafiiritsa maso, ndipo m'nyumbamo unalipodi, koma paokha sukanafotokoza kutupako. Choncho ndinapempha chilolezo kwa akuluakulu a sukulu, ndipo tinapha makoswe awiri mosawazunza pogwiritsa ntchito mankhwala ogonetsa ochuluka, mmodzi wongoyamba kumene kutupa ndi wina amene anali atatupa masiku angapo.

Nditang'amba khungu la pakhosi, chimene ndinaona chinandifotokozera chifukwa chake singano yanga sinapeze kanthu tsiku lija. Panalibe thumba la madzi kapena la mafinya. Madziwo anali atalowerera m'minofu yonse yozungulira tiziwalo ta malovu, moti minofuyo inali yonenepa, yowala, yonjenjemera ngati phala la chinangwa lozizira, ndipo ukadula ndi lumo madzi ankangonyenya pang'onopang'ono. Khoswe ali ndi magulu atatu akuluakulu a tiziwalo ta malovu mbali iliyonse. Submandibular, imene ili pansi pa khosi, inali yaikulu ndi yotuwa m'malo mokhala yofiirira. Parotid, imene imayandikira khutu, nayo inali yotupa. Koma sublingual, kachiwalo kakang'ono komatirira kumutu kwa submandibular, inali bwinobwino pakati pa zinzake zowonongekazo. Ichi ndi chizindikiro chofunika kuchikumbukira, chifukwa SDAV imakonda tiziwalo topanga malovu amadzimadzi ndipo imasiya topanga malovu onanda okhaokha, monga sublingual. Anabere a m'khosi anali otupa, Harderian gland inali ndi mawangamawanga ofiira ndi otuwa, pamene mapapo anali oyera opanda zithupsa. Ndinadula tizidutswa, ndinaika m'mankhwala osungira minofu kuti isaole, formalin wa 10 peresenti, n'kutumiza kwa katswiri wina woyeza minofu pa maikulosikopu ku Lilongwe. Kuyeza kwa mu labotale kotchedwa ELISA kapena PCR, kumene kumatchula kachilomboko ndi dzina, sukulu inalibe ndalama zake.

Sitikanadikira zotsatira tisanachitepo kanthu. Choyamba ndinaletsa antibayotiki uja, amene bamboyo anali atayamba kuthirira timakola tonse poona kuti adokotala analamula kwa woyamba. Mankhwalawo sagwira kachilombo ka mtundu umenewu, ndipo ankawawitsa madzi kotero kuti makoswe amene kumeza kunali kowavuta kale anachepetsanso kumwa. Tinachotsa masaka m'mabowo a mpweya masana n'kumangotseka mbali ya mphepo usiku, tinayamba kusintha utuchi kawirikawiri ndi kuusefa kuti fumbi lichepe, tinaphimba getsi ndi pepala kuti kuwala kusawapweteke m'maso, ndipo chakudya tinkachiviika m'madzi ofunda kuti chifewe. Timakola ndi mabotolo ankatsukidwa ndi sopo kenaka ndi madzi a jiki, popeza kachilomboka sikalimba ku mankhwala wamba ophera tizilombo. Aliyense wosakhudzidwa ndi ntchitoyo analetsedwa kulowa.

Chigamulo chovuta chinali cha tsogolo la gulu lonse. Njira zodziwika ndi ziwiri. Ina ndi kupha makoswe onse, kutsuka nyumba, n'kuyambanso ndi ena opanda matenda. Inayo ndi kutseka nyumba, kusiya kuswanitsa kwa masabata 6 mpaka 8, osalowetsa khoswe watsopano ngakhale mmodzi, kuti kachilomboko kayende m'gulu lonse n'kuzima kokha. Njira yachiwiriyi imatheka chifukwa khoswe wa chitetezo chabwino amafalitsa kachilomboka kwa sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono, kenaka thupi limakachotsa ndipo sakhala nako mpaka kalekale. Chimene chimasunga matendawa m'nyumba ndi ana obadwa mwezi ndi mwezi, amene amakhala ngati nkhuni zatsopano pamoto wofuna kuzima. Ndinasankha njira yachiwiri pa zifukwa ziwiri: kupeza makoswe ena otsimikizika kuti alibe matenda n'kovuta ndi kodula kuno, ndipo m'gululo munalibe makoswe a chitetezo chofooka amene akanasunga kachilomboko nthawi yaitali.

Zimenezi zinatanthauza kulekanitsa aamuna ndi aakazi tsiku lomwelo, komanso kupha ana amene akanabadwa kwa aakazi asanu amene anali kale ndi bere, popeza bere la khoswe limatenga masiku 21 mpaka 23 ndipo anawo akanabadwa m'katikati mwa nthawi yotseka. Bamboyo sanatsutse, koma anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Bwana, amenewo muzibwera mudzachite nokha." Ndinavomera, ndipo ndinkabweradi ndekha.

M'chipinda chachiwiri kuyetsemula kunayamba patatha masiku asanu chilowetsereni wamkazi uja. N'kutheka kuti kachilomboko kakanawoloka kakhondeko ngakhale popanda ine, pakuti munthu mmodzi yemweyo ankagwira ntchito m'zipinda zonse ndi ovolosi imodzi, koma amene anakanyamula n'kukakaika pashelefu ndine, ndipo ndinanena zimenezi poyera pamaso pa aphunzitsi a kafukufukuyo. Mwa 24 aja, asanu ndi awiri okha ndiwo anatupa khosi mooneka. Mayi amene ankatsogolera ophunzirawo anapempha kuti tingochotsa asanu ndi awiriwo m'kaundula, otsalawo apitirize, chifukwa nthawi yopereka malipoti inali itayandikira. Ndinawapempha kuti tiyambe taona buku la sikelo. Sabata imeneyo pafupifupi makoswe onse, otupa ndi osatupa omwe, a soya ndi a nyemba omwe, anali ataima kukula, ndipo ena anatsika magalamu angapo pa msinkhu umene amayenera kukwera tsiku ndi tsiku. Chakudya chotsala m'mbale chinali chitachuluka m'timakola tonse. Kafukufuku woyeza kakulidwe sangapirire zotere, chifukwa palibe njira yolekanitsira zimene chakudya chachita ndi zimene matenda achita, makamaka pamene chiwalo chodwalacho ndi chimene chimanyowetsa chakudya mkamwa. Mayiwo anakhumudwa, koma anavomera kuti ntchitoyo idzayambirenso, ndipo ophunzira analemba lipoti la zimene zinachitikazo m'malo mwake.

Zotsatira za ku Lilongwe zinafika patatha masabata atatu, matenda atayamba kale kuzilala. Mwa khoswe wongoyamba kutupa uja, katswiriyo anapeza kuti maselo oyala m'timitsempha todutsa malovu anali atafa, timatumba topanga malovu tambiri tinali titawonongeka, ndipo mipata ya pakati inali yodzaza madzi ndi maselo oyera a magazi. Mwa wachiwiri, timitsemphato tinali titayamba kuyalidwa ndi maselo afulati onga a pakhungu, kusintha kotchedwa squamous metaplasia kumene kumaoneka chiwalo chikamadzikonza m'sabata yachiwiri. Harderian gland inaonetsa zofananazo, ndipo sublingual inalibe vuto. Chithunzi chimenechi, pamodzi ndi mmene matendawo anafalira ndi mmene anathera, ndi chimene ndinatsekera nacho nkhaniyi kuti inali sialodacryoadenitis.

Palibe khoswe wamkulu amene anafa ndi matendawo. Mwa aliyense kutupa kwa khosi kunkaphwa pasanathe masiku khumi, ndipo pofika sabata yachinayi m'nyumba monse munalibe woyetsemula. Maso ndiwo anachedwa. Popeza tiziwalo ta misozi tinali titawonongeka, maso ena anauma, ndipo makoswe awiri anachita ng'ala pagalasi la diso. Mmodzi anachira ndi mafuta a m'maso, winayo diso linakula n'kutuluka kunja ndipo tinamuchotsa m'gulu loswanitsa. Anzanga amene angakumane ndi matendawa aziyang'ana maso kwa masabata angapo khosi litaphwa, chifukwa ovulala enieni amaonekera pamenepo.

Wamkazi woyamba uja ndiye anatsala ndi nkhani yake. Anzake onse ataphwa, iye mbali ya kumanja inaphwa koma kumanzere, pamene ndinalasa paja, panatsala chotupa chozungulira ngati nthudza, ndipo chinkakula. Ichi chinali chosiyana ndi kutupa koyamba kuja: chinali ndi malire, chosapweteka, chosatentha, ndipo ukachikankha ndi chala madzi ankamveka kusuntha mkati. Nditakoka ndi sirinji munatuluka madzi oyera onanda, otamuka pakati pa zala ngati therere, ndipo chotupacho chinaphweratu. Patatha masiku anayi chinadzazanso. Ameneyu anali malovu otayikira pansi pa khungu kuchokera m'kamtsempha kong'ambika, chimene chimatchedwa sialocele. Mwa agalu mankhwala ake ndi opaleshoni yochotsa kachiwalo kamene kakudonthako, koma pasukulupo panalibe zipangizo zogonetsera kanyama ka magalamu 250 mosaika moyo wake pachiswe, ndipo kumangokoka madzi sabata iliyonse kukanatha ndi kulowetsamo bakiteriya. Nditakoka kachiwiri n'kuona kuti chadzazanso ndipo chayamba kumulepheretsa kudya, tinamupha mosamuzunza. Mkati ndinapeza thumba la minofu yopyapyala lomatirira ku submandibular ya kumanzere, ndendende panjira imene singano yachiwiri inadutsa. Matendawo anali atafewetsa kale timitsempha, koma mwa makoswe onse amene anatupa ndi yekhayu amene analasidwa, ndipo ndi yekhayu amene anachita sialocele.

Choncho m'nyumba imodzi, m'miyezi iwiri, zala zanga zinaphunzira kusiyanitsa madzi olowerera m'minofu, amene singano singawatulutse, ndi malovu odzikundikira m'thumba, amene amatuluka n'kubwereranso, komanso chithupsa chimene ndinkachifunafuna koma panalibe. Khosi la khoswe ndi laling'ono, ndipo tiziwalo ta malovu, anabere ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi zili mothinana pamalo osaposa chala chachikulu. Panopa ndikaitanidwa ku khoswe wotupa khosi ndimayamba ndamvetsera chipinda chonse, ndimayang'ana maso a anzake, ndimafunsa za alendo, ndipo sirinji imakhala m'chikwama kufikira nditagwira chotupa cha mbali imodzi chokhala ndi malire.

Tinabwezeretsa aamuna kwa aakazi patatha masabata 8. Mwezi woyamba aakazi ena sanatenge bere msanga, zimene zimachitika pambuyo pa matendawa chifukwa amasokoneza nyengo za aakazi, koma mwezi wotsatira zinabwerera mwakale. Ana oyamba kubadwa tinawasunga ngati alonda athu: atasiya kuyamwa pa masiku 21 tinawagawa m'zipinda zonse ziwiri n'kumawayang'ana kwa masabata asanu ndi limodzi, chitetezo chochokera kwa amayi awo chitatha, ndipo palibe amene anatupa kapena kulira zofiira. Chitetezo cha khoswe wochira sichikhala moyo wonse, ndipo patapita miyezi angathe kukatenganso kachilomboka ngati kalowanso, choncho sukulu inavomera kusandutsa kachipinda kosungiramo makasu, kamene kali kuseri kwa nyumba ina, kukhala kolandirira alendo. Khoswe aliyense wochokera kwina amakhala kumeneko masabata anayi, ali ndi mabotolo ndi mbale zakezake, ndipo bamboyo amapitako pomaliza ntchito ya tsikulo atavala ovolosi ina imene imapachikidwa pamsomali wa pakhomo pomwepo. Kafukufuku wa soya ndi nyemba anayambiranso mu November ndi ana obadwira m'nyumba momwemo.